Milimita imodzi patsiku: mmene mwendo wotalikitsidwa umapolera

Anthu ambiri akamva zoti madokotala amatha kutalikitsa mwendo, amaganiza kuti amalumikiza chitsulo kapena fupa la munthu wina. Sizili choncho. Fupa lowonjezeralo limachita kumera, ndipo wolimeretsa ndi mwini mwendo yemweyo. Dokotala amangodula fupa mwadala, mosamala kuti asawononge kachikopa kolikuta ndi mitsempha yolidyetsa magazi, kenaka amamangirira zidutswa ziwirizo ku chitsulo choti chizizipatula pang'onopang'ono. Za m'chipinda cha opaleshoni zimatha m'maola ochepa. Ntchito yeniyeni imatsalira wodwala, kunyumba, kwa miyezi yambiri.

Ochuluka mwa amene amachitidwa opaleshoni imeneyi sakufuna kutalika msinkhu. Ndi mwana amene anabadwa mwendo wina uli waufupi, kapena amene mafinya a m'fupa anamuwonongera malo amene fupa limakulira. Ndi munthu amene anadwala poliyo. Ndi mnyamata wa kabaza amene msongolo unatswanyika pangozi, zidutswa zina n'kuchotsedwa. Kusiyana kwa miyendo kukakhala kosapitirira masentimita 2, nsapato yokweza pansi imakwanira. Kukafika masentimita 5 kapena kuposa, munthu amatsimphina zenizeni, chiuno chimapendekeka, msana nawo umayamba kudandaula, ndipo pamenepo nkhani yotalikitsa imalowa. Kwathu kuno matenda a mafinya a m'mafupa a ana si achilendo, moti njira ina imene madokotala amasiyanitsira mitundu ya matendawa inatenga dzina la chipatala cha Beit CURE cha ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002. Aliponso ena, ku America, Germany, Turkey ndi India, amene amalipira ndalama zankhaninkhani kuti atalikitse miyendo yabwinobwino. Dziko la China linaletsa zimenezi mu 2006. Fupa silifunsa chifukwa chimene analidulira. Limapola motsata lamulo lomwelo kwa onsewa.

Lamulolo analifufuza bwino ndi Gavriil Ilizarov, dokotala wa ku Kurgan ku Siberia, amene anabadwa mu 1921 n'kumwalira mu 1992. Asanabwere iye, ena anayesapo, monga Alessandro Codivilla wa ku Bologna amene analemba za kutalikitsa mwendo mu 1905, koma ankakoka mwamphamvu ndi mwachangu, ndipo odwala ankazunzika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Ilizarov anakonza mikombero yachitsulo yozungulira mwendo, yogwira fupa ndi mawaya owonda obowola mwendo n'kutulukira mbali inayo. Kwa zaka zambiri akuluakulu a ku Moscow ankamuona ngati dokotala wakumudzi. Mbiri yake inabuka mu 1968 atachiritsa Valeriy Brumel, katswiri wodumpha m'mwamba amene anapata golide ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 1964 ndipo chaka chotsatira anathyoka mwendo pangozi ya njinga yamoto, madokotala ena n'kumulephera. Ku Ulaya wakumadzulo njirayi inalowera ku Italy, Ilizarov atathandiza munthu wina wa kumeneko, Carlo Mauri, mu 1980.

Poyesa pa agalu, Ilizarov anapeza kuti fupa likamakokedwa theka la milimita patsiku, nthawi zambiri limauma n'kugwirana ntchito isanathe. Likamakokedwa mamilimita 2, lomera pakatipo limakhala lonyozeka. Milimita imodzi ndiyo inkabala fupa labwino, makamaka ikagawidwa tizigawo tambiri m'malo mokoka kamodzi. Mpaka lero muyeso wake ndi womwewo: kota ya milimita, kanayi patsiku.

Amene anaonererapo mayi akuumba mtsuko waukulu savutika kumvetsa chifukwa chake. Mayiyo amayamba wakanda dothi la mtapo mpaka lifewe bwino, akutolamo timiyala. Amapota chibulumwa pakati pa zikhatho mpaka chitalike, amachizunguliza pamlomo pa khoma limene waumba kale, n'kumachifinya ndi zala, dzanja lina mkati, lina kunja, mpaka chatsopano ndi chakale zisadziwike polumikizira. Akakweza pang'ono amaleka. Amaphimba pamlomopo ndi chiguduli chonyowa n'kukachita zina. Si ulesi. Akapitiriza kusanjika dothi lam'munsi likadali phalaphala, khoma limaphwafuka, mtsuko n'kukhala pansi. Akachedwanso kubwerera, pamlomo pamauma gwa, dothi latsopano limakana kugwirana ndi lakale, ndipo mtsuko umathera pamenepo, waufupi. Luso lonse lagona pakudziwa kamphindi kamene pansi palimba koma pamwamba pakadali pofewa.

Fupa lotalikitsidwa limaumbika chimodzimodzi. Opaleshoni ikatha, dokotala sakoka nthawi yomweyo. Amadikira masiku 5 mpaka 7 kuti magazi oundana pamalo odulidwapo asanduke mnofu wofewa wodzaza timaselo topanga fupa ndi timitsempha tatsopano. Kumeneko ndiye kukanda dothi. Kukoka kukayamba, pakatikati pa mpatawo pamatsala kachigawo kofewa kamene kamatamuka tsiku ndi tsiku, pamene kumbali zonse ziwiri, kufupi ndi fupa lakale, timizati ta fupa latsopano timamera kuloza pakati, n'kumalimba kuchokera kumbuyo. Pa X-ray zimaoneka ngati mthunzi wotuwa wokhala ndi mzere wakuda pakati. Mzerewo ukakula kwambiri, dokotala amadziwa kuti akusanjika msanga, amachepetsa liwiro. Ukayamba kuzimirira, amadziwa kuti pamlomo pakuuma, amawonjezera pang'ono. N'chifukwa chake panthawi yokokayi wodwala amajambulidwa sabata iliyonse kapena pakatha masabata awiri, ndipo kujomba ulendo umodzi kungachititse kuti fupa ligwirane msanga, pafunikenso kulidula kachiwiri.

Wopotoza ndi wodwala mwini, kapena mayi ake akakhala mwana. Pa mikombero ya Ilizarov pamakhala mabawuti aatali olumikiza mkombero wam'mwamba ndi wam'munsi, ndipo nati ikazungulira kamodzi kathunthu, mpata umakula milimita imodzi. Choncho m'mawa, masana, madzulo ndi pogona, munthu amatenga sipanala, amapotoza nati iliyonse kota ya mzungulo, akuyang'ana kadontho ka penti kosonyeza pamene anasiyira, n'kuchonga m'kope. Kupotozako pakokha sikupweteka kwenikweni. Ululu umadza pambuyo, usiku, minofu ikamakokana. Masiku ano kulinso chitsulo chonga msomali wautali chimene amachilowetsa m'kati mwa fupa momwe mumakhala mafuta, osaoneka kalikonse kunja. Chodziwika kwambiri ndi Precice, chimene chinavomerezedwa ku America mu 2011. M'kati mwake muli maginito, ndipo wodwala amangoika kamakina pantchafu kwa mphindi zingapo, chitsulocho n'kutamuka. Chimatha kufika masentimita 8. Chimachotsa vuto la zilonda za mawaya, koma sichisintha liwiro la fupa ngakhale pang'ono.

Mtsuko ukafika pamsinkhu wake, ntchito sinathe. Umafunika kuuma pamthunzi, m'nyumba, masiku ambiri. Wouika padzuwa kuti uume msanga amaupeza utang'aluka. Wouwotcha ukadali ndi chinyezi amatola mapale. Fupa nalo, kukoka kukatha, limakhala lalitali koma lofewa, ndipo nyengo yoti likhwime kawirikawiri imatalika kuwirikiza kawiri kuposa yokoka. Tiwerengere munthu wofuna masentimita 5: sabata imodzi yodikira, masiku 50 okoka, masiku pafupifupi 100 okhwimitsa. Imeneyo ndi miyezi 5 ndi kanthu, ndiye kuti zonse zayenda bwino. Madokotala amawerengera mwachidule kuti sentimita iliyonse imadya mwezi wathunthu, ndipo kwa akuluakulu nthawi zambiri imapitirira apo. Ana amapola msanga kuposa makolo awo. Fupa la ntchafu limapola msanga kuposa la msongolo, chifukwa lazingidwa ndi minofu yochindikala yodzaza magazi, pamene msongolo kutsogolo kwake kuli khungu lokha.

Chimene odwala ambiri sayembekezera n'chakuti fupa ndilo lomvera pa zonse za m'mwendo. Zamakani ndi minofu, minyewa ndi mitsempha. Fupa likamatalika milimita patsiku, minofu imatsalira m'mbuyo, imakungika, n'kuyamba kukoka mfundo. Potalikitsa msongolo, mnofu wa katumba umakoka chidendene m'mwamba, phazi n'kuloza pansi, munthu n'kumayenda chonyang'ama. Potalikitsa ntchafu, bondo limakana kuwongoka kapena kupindika. Mafizo pamenepa si chinthu chochita ukapeza mpata. Ndi a tsiku lililonse, kangapo patsiku, opweteka, ndipo usiku phazi limagona litamangidwa ku chogwiriziza kuti lisagwe. Ndinganene mosaopa kuti anthu ambiri amene amalekera panjira samalephera chifukwa cha fupa, koma chifukwa cha bondo kapena kakolo wouma. Mwendo wautali wosapinda ndi woipa kuposa waufupi wopinda.

Tsono funso limene aliyense amafunsa, wodwala ndi abale omwe: kodi palibe chofulumizitsa? Yankho loona silikoma m'khutu. Zofulumizitsa fupa kupyola liwiro lake lachibadwa n'zochepa ndipo umboni wake ndi wofooka. Zochedwetsa ndiye n'zambiri, zodziwika bwino, ndipo zambiri mwa izo zili m'manja mwa wodwala. Amene amapola msanga ndi amene wachotsa zopinga.

Chopinga chachikulu ndi fodya. Fupa latsopano limadalira timitsempha tating'onoting'ono timene tikungomera kumene, ndipo nikotini amafinya timitsempha timeneti. Utsi nawo umachepetsa mpweya wabwino umene magazi amanyamula. Osuta amachedwa kupola, amagwidwa mafinya kawirikawiri, ndipo ena fupa siligwirana n'komwe. Madokotala ena amayeza nikotini m'thupi ndipo akamupeza amakana kuchita opaleshoni. Kusintha mtundu sikuthandiza: ndudu ya m'paketi, chingambwe chokulunga papepala, fodya wa m'mphuno wa agogo ndi tizida tofuka nthunzi ta achinyamata, zonse zili ndi nikotini. Kuleka kumafunika kuyambe masabata angapo opaleshoni isanachitike, mpaka fupa litakhwima. Mowa wambiri umafooketsa timaselo topanga fupa, komanso woledzera woyendera ndodo sachedwa kugwa.

Chachiwiri chimabisala m'thumba la mankhwala a pagolosale. Bulufeni, diclofenac ndi indosidi amathetsa ululu pozimitsa kutupa, koma kutupa komweko ndi mbali ya mmene thupi limayambira kupanga fupa. Umboni wake pa anthu sunagwirizane ponseponse, komabe taonani ichi: madokotala amapereka indosidi mwadala kwa ena ochitidwa opaleshoni ya m'chiuno pofuna kuletsa fupa kumera pamalo osayenera. Mankhwala oletsa fupa kumera sangakhale bwenzi la munthu amene akumeretsa fupa. N'chifukwa chake ambiri otalikitsa miyendo amaletsa mankhwalawa n'kupereka panado kapena ena amene iwo asankha. Matenda a shuga osasamalidwa, kuchepa kwa magazi ndi mankhwala a steroid omwa nthawi yaitali zimachedwetsanso. Amene ali pa ma ARV asadukize, ndipo dokotala wa mafupa adziwe mankhwala onse amene munthu akumwa, achikuda omwe.

Chothandiza chenicheni, chaulere, ndi kuponda. Julius Wolff wa ku Berlin analemba mu 1892 kuti fupa limadzimanga molingana ndi katundu amene likusenza, ndipo Ilizarov ankaumirira kuti odwala ake aimirire n'kuyamba kuyenda patangopita masiku ochepa. Kugona pamphasa miyezi itatu poopa kupweteka mwendo kumafewetsa fupa latsopano ndi lakale lomwe. Koma kuponda kuli ndi muyeso. Mikombero yakunja nthawi zambiri imalola munthu kuponda ndi thupi lonse; chitsulo cha maginito sichilola mpaka fupa litayamba kulimba, chifukwa chikhoza kupindika kapena kuthyoka. A mafizo amaphunzitsa muyesowu ndi sikelo wamba yoyezera thupi. Wodwala amaima ndi ndodo zake, mwendo wabwino pa thabwa lofanana msinkhu ndi sikelo, wotalikitsidwawo pasikelopo, n'kumatsamira pang'onopang'ono mpaka muvi ufike pa makilogalamu amene dokotala wanena. Amabwereza mpaka phazi lizolowere kulemera kumeneko popanda kuyang'ana.

Za chakudya anthu amazikulitsa m'malo olakwika. Fupa si kashiamu yekha; maziko ake ndi zomanga thupi, ndipo kashiamu amangodzalimbitsa pamwamba. Munthu amene akumeretsa masentimita 5 a fupa, kuphatikiza minofu ndi khungu, amafunika mazira, nyemba, nandolo, soya, mtedza, nsomba kapena nyama tsiku lililonse, osati nsima ndi masamba okha. Wamkulu amafunika mamiligalamu pafupifupi 1,000 a kashiamu patsiku. Kapu ya mkaka kapena chambiko imapereka pafupifupi 300. Usipa, bonya ndi matemba, zimene timatafuna ndi minga yomwe, ndi nkhokwe ya kashiamu yotsika mtengo. Magwafa, malalanje ndi malambe amapereka vitamini C wothandiza kumanga maziko aja. Vitamini D ndiye amachititsa kuti kashiamu alowe m'thupi, ndipo khungu limamupanga likaombedwa ndi dzuwa. Wodwala amene wabindikira m'nyumba miyezi, kapena m'bale wa khungu lakuda wokhala ku Britain nyengo yozizira, akhoza kuperewera, choncho ndi bwino kuyezetsa magazi. Msuzi wa mang'ina, umene achibale amathamangira nawo kuchipatala, ndi wokoma ndipo sulakwa, koma kashiamu wa m'mafupa owiritsa sasungunukira kwenikweni m'madzi. Mbale ya usipa imauposa kutali. Ndipo thupi likakhuta zimene likufuna, kuwonjezera mapiritsi sikufulumizitsa kanthu. Kashiamu wa mapiritsi wopyola muyeso angabweretse timiyala mu impso.

Pa intaneti pali malonda ambiri olonjeza kuti fupa lipola theka la nthawi. Chotchuka ndi kamakina kotumiza timafunde ta ultrasound pafupa mphindi 20 patsiku. Mu 2016 kafukufuku wamkulu wotchedwa TRUST, wa anthu 501 a ku Canada ndi America othyoka msongolo amene anaikidwa chitsulo m'fupa, anapeza kuti ogwiritsa kamakina kenikeni sanapole msanga kuposa amene anapatsidwa kabodza. Amenewo anali othyoka, osati otalikitsidwa, ndipo pa otalikitsidwa pali tikafukufuku tating'ono tosagwirizana. Koma ine sindingauze munthu kuti agulitse mbuzi chifukwa cha kamakinako. Jakisoni wa teriparatide, amene anapangidwira matenda ofewetsa mafupa, madokotala ena amamuyesa fupa likachedwa kwambiri, koma ndi wodula ndipo si wa aliyense.

Fupa likamachedwa, zimene dokotala amachita n'zosachititsa kaso. Amachepetsa kukoka kufika pa theka kapena makota atatu a milimita. Amaimitsa kaye masiku angapo. Nthawi zina amabweza zidutswa zija kuti zipanikizane kenaka n'kuzikokanso, kubwerezabwereza, kuti mpatawo udzuke. Zikakanika amatunga mafuta a m'fupa la m'chiuno n'kubaya pamalopo, kapena amasema kachidutswa ka fupa la m'chiuno n'kukaika pamenepo. Kumapeto kwa nyengo yokhwimitsa ena amamasula mabawuti pang'ono kuti fupa liyambe kusenza lokha chitsulo chikadalipo.

Woumba amagogoda mtsuko ndi chala kuti amve ngati ukulira bwino asanathiremo madzi. Dokotala amagogoda ndi X-ray, kujambula chakutsogolo ndi cham'mbali, ndipo ambiri samachotsa mikombero mpaka makoma atatu mwa anayi a fupa latsopano ataoneka olumikizana bwino. Apa ndi pamene odwala amavutitsa kwambiri. Ululu watha, akuyenda, buluku silikulowa, anthu mu minibasi akuyang'anitsitsa, ndiye amachonderera kuti zitsulo zichoke. Dokotala wogonjera pempho limeneli amaika wodwala pangozi yoti fupa lipindike kapena lithyoke pamalo omwewo, miyezi yonse ija n'kupita pachabe. Mwezi umodzi wowonjezera ndi wotopetsa, koma suposa kuyambiranso. Mikombero ikachoka, ena amavala chikhakha kapena chogwiriziza masabata angapo. Chitsulo cham'kati chimachotsedwa pakatha chaka kapena ziwiri. Kuthamanga ndi kusewera mpira kumabwerera mochedwa, kawirikawiri pakatha chaka, chifukwa minofu imatenga nthawi kuti izolowere utali watsopano.

Pa miyezi yonseyi vuto lofala kwa ovala mikombero ndi mafinya pamene waya walowera pakhungu. Malo amenewa amatsukidwa monga anamwino aphunzitsira, ndi manja osamba, kansalu kena pawaya uliwonse. Osapakapo phulusa, mafuta odzola kapena zitsamba zosinja, ngakhale wobweretsayo akhale wachikondi chotani, chifukwa wayayo ndi msewu wolunjika m'fupa. Akagwidwa msanga, mafinyawa amatha ndi mapiritsi. Akalekereredwa amalowa m'kati.

Inu amene mukusamalira wodwala wotere, pali zizindikiro zosadikira tsiku lolembedwa m'buku la kuchipatala. Pawaya pakafiira, kutupa, kutuluka mafinya, kapena thupi likatentha. Pamwamba pa phazi pakachita dzanzi kapena kuwotcha, kapena chala chachikulu chikakana kudzuka, pakuti mtsempha wodutsa kunja kwa bondo ndiwo umayamba kuvulala pokoka. Nati ikalimba mwadzidzidzi n'kukana kuzungulira. Katumba akatupa n'kumapweteka, kapena munthu akayamba kubanika ndi kumva kuwawa pachifuwa, zimene zingasonyeze kuti magazi aundana m'mitsempha. Mukaona chimodzi mwa izi, lekani kupotoza ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kukakhala kubanika, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku.